Njala ya chamba: zimene utsi umachita m'mutu, m'mimba ndi pa mphika wa banja

Aliyense woyenda pa msewu wa M1 pakati pa Blantyre ndi Lilongwe amadziwa kuti Ntcheu ndi boma la chakudya. Basi ikangoima pa Tsangano Turn-off kapena pa Lizulu, m'mawindo mumadzaza mabeseni a mbatata ya kachewere, kabichi, tomato, anyezi ndi karoti. Kukamada, utsi wa ziwaya umakwera. Tchipisi chikuwira m'mafuta, kanyenya wa mbuzi akuthetheka pambali, mnyamata akuwaza mchere ndi tsabola ndi dzanja limodzi, linalo akulandira ndalama.

Ogulitsa pa chiwaya, kuno ngakhalenso kwina kulikonse m'dziko muno, amamudziwa bwino kasitomala wa mtundu wina. Amafika maso ali psuu, milomo itauma. Amagula tchipisi n'kumaliza ali chiimire, n'kuitanitsanso china, kenaka n'kufunsa ngati kwatsala zigege kapena mandasi. Palibe amafunsa kumene wachokera. Onse amadziwa kuti wabanda fodya wamkulu.

Pa chiwaya nkhaniyi ndi yoseketsa, koma kunyumba siseketsa ayi. Mayi amavundikira mkute kuti ana adye m'mawa asanapite kusukulu. Kukacha amapeza mbale ili mbee, ndiwo zapita, ndi shuga yemwe wa m'kabotolo watsika. Mnyamata amene madzulo anadya nsima limodzi ndi anzake onse mpaka kukhuta ndi yemweyo wadzuka pakati pa usiku kukapala mphika.

Komanso pali makomo ena kumene njala yomweyi amachita kuilakalaka. Kumeneko kuli wodwala amene watha sabata akukankha mbale ya phala, ndipo wachibale wina amanong'oneza kuti pali tsamba limene limatsekula kukhosi. Choncho funso lakuti chamba chimatani ndi chilakolako cha chakudya si la anyamata a pa siteji okha. Likukhudza odwazika matenda, makolo, aphunzitsi, azaumoyo ndi boma limene linaloleza kulima mbewuyi mu 2020. Ndipo yankho lake lilipo, lafufuzidwa kwa zaka zoposa makumi asanu.

Belu lolira nthawi isanakwane

Anthu anazindikira kalekale kuti chamba chimadyetsa. Dokotala wa ku Ireland, William O'Shaughnessy, amene ankagwira ntchito ku Calcutta m'dziko la India, analemba mu 1839 kuti odwala amene anawamwetsa mankhwala a chamba anayamba kufuna chakudya kwambiri. Koma gwero lake linayamba kuoneka mu 1964, pamene Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni a ku Israel anapatula mankhwala amene amaledzeretsa m'chamba, omwe amatchedwa THC.

Funso lotsatira linali lakuti mankhwala a m'tsamba amalankhula bwanji ndi ubongo wa munthu. Mu 1988, Allyn Howlett ndi William Devane a pa St. Louis University ku America anapeza kuti pa minyewa ya ubongo pali timalo tolandirira uthenga timene THC amakamatirapo. Timaloti tikutchedwa CB1. Akatswiri anadabwa: thupi lingakhale bwanji ndi malo olandirira mankhwala a chomera? Yankho linabwera mu 1992 ndi 1995, pamene kunapezeka kuti thupi limapanga lokha mankhwala ofanana ndi THC, otchedwa anandamide ndi 2-AG. Khanda lobadwa lero lili nawo, agogo amene sanagwirepo ndudu ali nawo. Ntchito yake ndi kuwongolera tulo, ululu, kukumbukira zinthu, mtima wa munthu ndiponso kadyedwe.

Pansi pa ubongo pali kachigawo kakang'ono kotchedwa hypothalamus, kamene kamamva malipoti a thupi lonse. M'mimba mukakhala mulibe kanthu, chifu chimatulutsa mchere wa m'thupi wotchedwa ghrelin, wouza ubongo kuti nthawi yakudya yakwana. Mafuta a m'thupi amatulutsa wina, leptin, wonena kuti nkhokwe ikadali ndi chakudya. Mu 2001, gulu la Vincenzo Di Marzo wa ku Italy linaonetsa kuti leptin akakwera, mankhwala achilengedwe ofanana ndi THC aja amatsika mu hypothalamus. Linaonetsanso kuti mbewa zopanda CB1 zimadya pang'ono ngakhale zitagona ndi njala.

M'sukulu zambiri zakumudzi belu ndi limu ya galimoto yopachikidwa pa mtengo. Nthawi ya phala ikakwana, mwana mmodzi amaimenya kangapo n'kusiya, ndipo aliyense amatenga kapu yake. Umu ndi mmene thupi limachitira lokha: limaliza belu la njala pa nthawi yake, kwa kanthawi kochepa. THC ndi munthu wongodutsa amene watola chitsulo n'kuyamba kumenya limu ija mosalekeza, ana atangomaliza kumene kudya. Phala silinaphikidwe lina, mimba sizinaphwe, koma sukulu yonse yathamangira kukhitchini.

Kafukufuku amene anadabwitsa kwambiri ndi wa mu 2015, wa gulu la Tamas Horvath pa Yale University. Iwo ankayang'ana minyewa yotchedwa POMC, imene ntchito yake ndi kuuza munthu kuti wakhuta, asambe m'manja. Ankayembekezera kuti mankhwala a mtundu wa chamba aizimitsa minyewayi. Anapeza kuti imayaka kwambiri, koma uthenga umene imatumiza umasintha: imayamba kutulutsa beta-endorphin, amene amalimbikitsa kudya. Mbewa zokhuta kale zinabwereranso ku chakudya. Minyewa yoletsa kudya ndi imene inasanduka yokakamiza kudya.

Mphuno, lilime ndi nkhuli ya zotsekemera

Njala ya chamba siyambira m'mimba mokha. Mu 2014, gulu la Giovanni Marsicano ku Bordeaux, m'dziko la France, linapeza kuti THC amanola mphuno za mbewa: zimamva fungo la chakudya msanga ndiponso zimadya zambiri. Mu 2010, akatswiri a ku Japan ndi America anali ataonetsa kale kuti mankhwala achilengedwe a m'thupi aja amawonjezera mphamvu ya lilime yomva kutsekemera, koma osati kuwawa kapena mchere. Pamwamba pa izi, THC amatakasa mbali ya ubongo imene imapereka chisangalalo munthu akachita chinthu chokoma. N'chifukwa chake wosuta amalumbira kuti sanadyepo chinangwa chokazinga chokoma chotero, pamene ndi chinangwa chomwecho cha masiku onse. Kwa anthu, kafukufuku wa mu 2012 pa amuna amene anali ndi HIV ku California anapeza kuti ghrelin amakwera m'magazi munthu akasuta.

Nanga munthu amadya zochuluka bwanji? Mu 1988, Richard Foltin ndi anzake pa Johns Hopkins University anasunga amuna 6 m'nyumba yofufuzira kwa masiku 13, akuyeza chilichonse cholowa m'kamwa mwawo. Masiku amene anasuta chamba chenicheni, mphamvu ya chakudya imene anadya inakwera ndi 40 peresenti. Chofunika kuchimva ndi ichi: chakudya cha masana ndi chamadzulo sichinakule. Chimene chinachuluka ndi zotolatola za pakati, makamaka zotsekemera monga chokoleti.

Apa ndi pamene nkhani ya ku America ikugwirizana ndi ya ku Kampepuza kapena ku Manjawira. Njala ya chamba siitanitsa nyemba, bonongwe wotendera kapena phala la mgaiwa. Imaitanitsa shuga, mafuta ndi mchere. Imabweranso ndi kuuma kukamwa, chifukwa THC amachepetsa malovu, ndiye chakumwa chotsekemera chimatsatira. Munthu akasuta, zonsezi zimayamba m'mphindi zochepa n'kutha pakapita maola awiri kapena atatu. Chamba chikadyedwa m'makeke kapena kumwedwa m'tiyi chimachedwa kugwira, mwina theka la ola mpaka maola awiri, koma chikagwira chimakhalitsa ndipo chimalimba, chifukwa chiwindi chimasandutsa THC kukhala mankhwala ena amphamvu. Ambiri amene amapezeka atasokonezeka ndi makeke otere ndi amene anawonjezera lachiwiri poganiza kuti loyamba silinagwire.

Nanga bwanji osuta ambiri ndi owonda?

Wowerenga wa ku Ntcheu afunsa funso loyenera. Ngati chamba chimadyetsa chotere, bwanji anyamata amene timawadziwa kuti amasuta tsiku ndi tsiku si onenepa? Ambiri ndi owonda, masaya olowa.

Funsoli lazunguzanso akatswiri. Mu 2011, Yann Le Strat ndi Bernard Le Foll anasanthula akafukufuku awiri akuluakulu a ku America. Pakati pa osasuta, onenepa mopitirira muyezo anali 22 peresenti mu woyamba ndi 25 peresenti mu wachiwiri. Pakati pa osuta masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata, anali 14 ndi 17 peresenti. Izi sizikutanthauza kuti chamba ndi mankhwala ochepetsa thupi, chifukwa kafukufuku wotere amangoonetsa zinthu ziwiri zopezeka limodzi. Koma zikuonetsa poyera kuti kudya kwa maola atatu kuja sikumanga thupi pa zaka.

Chifukwa chimodzi n'chakuti ubongo umadziteteza. Ukamalandira THC tsiku lililonse, umachepetsa timalo ta CB1. Kafukufuku wojambula ubongo amene anatuluka mu 2012, wotsogozedwa ndi Jussi Hirvonen, anapeza kuti mwa osuta tsiku ndi tsiku timaloti tinatsika ndi pafupifupi 20 peresenti m'mbali zina za ubongo, ndipo tinabwerera patatha pafupifupi sabata zinayi atasiya. Timalo tikachepa, uthenga wachilengedwe wa njala sumvekanso bwino. Munthu amadzuka osafuna kadzutsa, nsima ya masana amangoitosatosa, ndipo amafika poti sangadye asanasute. Chimene chinayamba ngati chopatsa mudyo chimatha chitalanda mudyo wake wobadwa nawo.

Pali mbali inanso imene ili pafupi ndi kwathu. Wansembe wa ku Portugal, João dos Santos, amene anakhala ku Sofala ndi ku Tete chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, analemba m'buku lake la mu 1609, Ethiopia Oriental, kuti anthu a kumeneko ankasinja masamba a chamba n'kudya, ndipo ena ankatha masiku osadya kanthu kena. Tete yemweyo ndi amene tikugawana naye malire ku Biriwiri ndi ku Lizulu, kumene msewu wokha ndiwo ukulekanitsa Malawi ndi Mozambique. Mpaka lero oumba njerwa, oswa miyala, akabaza ndi aganyu ena amati amasuta kuti asamve njala ndi kutopa. Katswiri wa mbiri ya chomerachi, Chris Duvall, m'buku lake la mu 2019 lotchedwa The African Roots of Marijuana, akufotokoza mmene anthu ogwira ntchito zakalavulagaga mu Africa akhala akuchigwiritsira ntchito motero. Mitundu ina ya chamba cha kum'mwera kwa Africa ili ndi mankhwala otchedwa THCV, amene akakhala ochepa amatsekereza CB1 m'malo moitakasa, ndipo mbewa zopatsidwa mankhwalawa zimadya pang'ono. Atawayesa mu 2016 pa anthu odwala shuga ku Britain, shuga wa m'magazi anatsika koma kadyedwe ndi kulemera kwa thupi sizinasinthe kwenikweni.

Kaya chautsa njala kaya chaigoneka, choonadi chake n'chimodzi: mu utsi mulibe chakudya. Mnyamata wopalasa kabaza kuchokera pa boma kukwera zitunda m'mimba muli gwaa akuwotcha minofu yake, ngakhale ubongo wake utauzidwa kuti zonse zili bwino.

Palinso vuto limene ambiri sanamvepo. Mu 2004, madokotala a ku South Australia anafotokoza za odwala amene anasuta kwa zaka zambiri n'kuyamba kusanza kosalekeza, m'mimba mukupota, mpumulo akuupeza pokhapokha akasamba madzi otentha. Matendawa amatchedwa cannabinoid hyperemesis syndrome. Wodwala amaganiza kuti akasuta nseru itha, pamene kusutako ndiko kukuibweretsa. Amachira akasiya.

Pa mphasa ya wodwala

Amene anali akuluakulu m'zaka za m'ma 1990 sangaiwale kaliwondewonde. Edzi inapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, ndipo mankhwala a ARV aulere anayamba kuperekedwa mu 2004. Pakati pa zaka zimenezo, m'midzi ya kwa Ganya, kwa Njolomole, kwa Kwataine ndi kwina konse munali anthu ogona pa mphasa akuchita kuoneka nthiti, wowadwazika atagwada ndi supuni akuchonderera kuti amayi, yesani pang'ono chabe. Amene anagwirapo supuni imeneyo sangamuweruze msanga munthu wofunafuna chilichonse choti m'bale wake adye.

Ku America, vuto lomwelo ndi limene linalowetsa THC m'chipatala. Mu 1985 boma la kumeneko linaloleza mapiritsi a dronabinol, amene ndi THC wopangidwa m'fakitale, kuti azithandiza odwala khansa amene amasanza ndi mankhwala. Mu 1992 linawalolezanso kwa odwala Edzi amene asiya kudya. Kafukufuku wa mu 1995 pa odwala 139 anapeza kuti chilakolako cha chakudya chinakwera kwambiri mwa olandira dronabinol kuposa olandira mapiritsi opanda mankhwala. Koma pa sikelo kusiyana kunali kochepa: oyambawo anangoima pomwe anali, enawo anatsika ndi kilogalamu yosakwana theka.

Pa khansa, zotsatira zinali zofooka. Mu 2002, Aminah Jatoi ndi anzake anayerekeza dronabinol ndi mankhwala ena otchedwa megestrol pa odwala 469. Chilakolako chinabwerera mwa 75 peresenti ya olandira megestrol ndi 49 peresenti ya olandira dronabinol. Amene thupi linabwerera mooneka anali 11 peresenti kwa megestrol ndi 3 peresenti yokha kwa dronabinol. Mu 2006, kafukufuku wa ku Ulaya wotsogozedwa ndi Florian Strasser pa odwala 243 sanapeze kusiyana pakati pa mankhwala a chamba ndi mapiritsi opanda kanthu. Ndipo mu 2013, akatswiri atatu a ku South Africa, Elizabeth Lutge, Andy Gray ndi Nandi Siegfried, atasanthula kafukufuku yense wa chamba pa odwala HIV, anapeza kuti umboni wake ndi wosakwanira kumangapo chithandizo. Chimene chinathetsa kaliwondewonde m'midzi mwathu ndi ma ARV, amene analimbana ndi kachilombo komweko. Thupi linabwerera chifukwa gwero la kuwonda linagonja.

Azaumoyo athu ali ndi njira imene ikuphunzitsa mfundoyi momveka bwino. Mwana wonyentchera akafika ku sikelo, amamuyeza mkono ndi kalamba kofiira, kachikasu ndi kobiriwira. Kalambako kakaima pofiira, mayi amauzidwa kuti asambe m'manja, akhale pambali pamthunzi, ang'ambe kona ya paketi ya chiponde ndi kumupatsa mwanayo pang'onopang'ono, osamukakamiza, kapu ya madzi ili pafupi. Wazaumoyo amangoyang'ana. Mwana akanyambita n'kufuna china, amalandira chiponde chokadyera kunyumba. Akatembenuza nkhope n'kukana, amagonekedwa m'chipatala tsiku lomwelo, chifukwa kukana chakudya ndi chizindikiro chakuti m'kati muli matenda aakulu.

Kwa wamkulu n'chimodzimodzi. Kusafuna kudya kwa sabata zingapo kumatha kukhala chifuwa chachikulu, HIV imene sinayezedwe kapena imene mankhwala ake asiyidwa, khansa ya kummero kapena ya khomo la chiberekero, zilonda za m'kamwa, matenda a impso, ngakhalenso kuvutika maganizo. Kumusutitsa munthu wotere kuti adye mbale imodzi usiku umenewo kumabisa chizindikiro, pamene matenda akupitirira. Ngati ndi TB, utsiwo ukulowa m'mapapo odwala kale. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani iyi kofunsa ndi ku chipatala cha boma cha Ntcheu kapena chipatala chaching'ono chapafupi, kumene kuyeza HIV ndi makhololo n'kwaulere. Kwa mayi woyembekezera amene akuvutika ndi nseru, ndi kwa woyamwitsa, chenjezo ndi lolimba kwambiri: THC amadutsa kukafika kwa mwana m'mimba, amalowanso mu mkaka wa m'mawere, ndipo kusuta pa nthawi ya pakati kumayendera limodzi ndi kubereka ana ochepa sikelo. Mwana wokana kudya asapatsidwe chamba m'njira ina iliyonse.

Mbali ina ya nkhaniyi ikutsimikiza kuti timalo ta CB1 si toseweretsa. Kampani ya Sanofi-Aventis inaganiza kuti ngati kutakasa CB1 kumadyetsa, kuitseka kungachepetse thupi. Mankhwala ake, rimonabant, analoledwa ku Ulaya mu 2006, ndipo anthu anachepadi thupi. Koma mu 2008 anachotsedwa pa msika chifukwa ambiri anayamba kukhumudwa kwambiri, ena mpaka kuganiza zodzipha. Njala ndi mtima wa munthu zimayendera minyewa imodzi. Sungakhudze chimodzi china n'kutsala chili phee.

Mphika ndi umodzi

Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 659,608 m'boma la Ntcheu, ndipo monga m'dziko lonse, ambiri ndi achinyamata. Boma lodyetsa mizinda ili nalonso limadziwa miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene chimanga chili m'munda koma nkhokwe ili pululu. Mu Malichi 2024, mvula itadula chifukwa cha El Niño, Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndipo anthu 5.7 miliyoni anawerengedwa kuti adzasowa chakudya nyengo yotsatirayo. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira.

M'dziko lotere, njala yochita kuputa imalipiridwa ndi munthu wina. Ndalama ya ganyu imatuluka kawiri, koyamba kugula chamba, kachiwiri kugula chozimitsira njala imene chambacho chayatsa. Ufa umene mayi anauyeza kuti ufike Loweruka umatha Lachinayi. Amene amachepekedwa ndi mwana wamng'ono ndi mayi yemweyo, chifukwa ndiwo amadya pomaliza. Nkhani za chamba timakonda kuzikamba ngati za apolisi ndi matumba ogwidwa pa malodibuloko a M1 ndi M5, koma milandu yambiri ya chamba siifika kukhoti. Imathera pa mafuwa.

Ndipo wosutayo amalipiranso ndi mutu wake. Mwa anthu 10 alionse amene amayamba kusuta, pafupifupi mmodzi amakodwa osathanso kusiya, ndipo kwa oyamba ali achichepere ndi mmodzi mwa 6. Ubongo umapitiriza kukhwima mpaka munthu atafika zaka pafupifupi 25. Kafukufuku wa Marta Di Forti wa mu 2019, wochitikira m'madera 11 a ku Ulaya ndi Brazil, anapeza kuti osuta tsiku lililonse ali pa chiopsezo cha misala chochuluka katatu, ndipo osuta chamba champhamvu tsiku lililonse pafupifupi kasanu. Kuno kwathu, nkhani ya odwala ogonekedwa ku Zomba Mental Hospital atasuta chamba inalembedwa ndi ofufuza kale mu 1994. Chamba cha ku Nkhotakota chimene dziko lapansi limachitama ndi dzina la Malawi Gold chimatamidwa chifukwa cha mphamvu yomweyo.

Banja limene mwana wawo waganiza zosiya liyenera kudziwa chimene chikubwera. Pakapita tsiku limodzi mpaka atatu, amayamba kukana chakudya, kusowa tulo, kulota zoopsa ndi kupsa mtima msanga. Sabata yoyamba ndiyo yowawitsa, ndipo kwa ambiri zimaphwa pakatha sabata ziwiri. Ambiri amabwerera ku ndudu pa nthawi imeneyi, akumati thupi lawo silingadye popanda chamba. Si zoona. Ubongo ukungokonza timalo take tija. Phala lotendera, nthochi, thobwa, mbatata yophika, zakudya zochepa koma pafupipafupi, madzi ambiri, ntchito yotulutsa thukuta masana, ndi achibale osamunyoza, zimamuolotsa munthu. Zikavuta, m'zipatala za maboma muli anamwino oona za matenda a maganizo, ndipo a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amathandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Mbewu yololedwa, mafunso osayankhidwa

Pamene Boniface Kadzamira, phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, anadzutsa nkhani ya chamba m'Nyumba ya Malamulo mu 2015, anzake anamuseka. Pa 27 Febuluwale 2020 nyumba yomweyo inavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act, lololeza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso cha Cannabis Regulatory Authority. Kusuta kapena kupezeka nacho popanda chilolezo kukadali mlandu. Kusiyana kumeneku sikunafike bwino kumudzi, kumene ena anangomva kuti boma lavomereza ndipo anamaliza okha kuti ndiye kuti ndi mankhwala a chilichonse.

Lamuloli latsegula khomo limene tiyenera kulowamo ndi nzeru. Pafupifupi kafukufuku yense amene watchulidwa m'nkhani ino anachitikira kunja, pa mbewa za kunja, odwala a kunja ndi chamba cha kunja. Tili ndi Chitedze Research Station, kumene mbewuyi inayesedwa lamulo lisanadutse. Tili ndi LUANAR ku Bunda, Kamuzu University of Health Sciences, ndi chipatala cha khansa ku Lilongwe. Akatswiri athu angathe kuyeza kuchuluka kwa THC, THCV ndi mankhwala ena a m'chamba otchedwa CBD m'mitundu yathu, poti CBD payekha amadziwika kuti amachepetsa chilakolako cha chakudya mwa ena. Angathenso kufufuza ngati mankhwala oyezedwa bwino, operekedwa ndi dokotala, angapepuze odwala khansa amene atsala ndi masiku ochepa, amene kwa iwo kumva kukoma kwa chakudya n'chinthu chamtengo wapatali. Pali mbali inanso imene imaiwalika: njere za chamba cha m'mafakitale siziledzeretsa, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a njerezo ndi zomanga thupi, kuwonjezera pa mafuta abwino. Ngati chomerachi chili ndi gawo pa nkhondo yolimbana ndi kunyentchera, gawolo lili m'njere.

Pakadali pano, udindo uli ndi amene amalankhula ndi anthu: mafumu a pansi pa Inkosi ya Makhosi Gomani V, amene mawu awo amamveka ku Nkolimbo pa mwambo wa Umhlangano ndi m'mabwalo a milandu, aphunzitsi, abusa, mashehe ndi alangizi a zaumoyo. Achinyamata sakhulupirira munthu wowauza kuti chamba sichichita kalikonse kokoma, chifukwa anachilawa kapena anaona anzawo. Auzidwe zoona zonse: inde chimautsa njala, chimakometsa chakudya kwa maola ochepa, kenaka chimafooketsa njala yachibadwa, sichimanga thupi, sichichiza chimene chawondetsa wodwala, ndipo mtengo wake umagwera banja lonse. Wodwala amene wasiya kudya apite naye kokayezetsa sabata yomweyo. Mnyamata amene sangadye asanasute athandizidwe kusiya, ndipo m'sabata ziwiri zovutazo pakhale wina womuphikira phala. Boma limene linaloleza mbewuyi liike ndalama pa kafukufuku wa kuno kwathu ndi pa chithandizo cha okodwa, chifukwa phindu la chamba likawerengedwa m'madola okha, ana a kwa Makwangwala ndi kwa Champiti ndi amene adzalipire zotsalazo.